"Rapper's Delight": kodi Hank anabwereka mawu a Caz kapena anaba?

Madalitso wa ku 25

Abale anga pagulu pano, ndili ndi nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Loweruka. Tinali ku ukwati wa msuweni wanga, ndipo perekaniperekani atatha DJ anaponya nyimbo zakale kuti akuluakulu aongoleko miyendo. Atangoika "Rapper's Delight" ya Sugarhill Gang, bambo anga aang'ono, omwe bondo limawavuta ndipo amayendera ndodo, anatsamiritsa ndodoyo pampando n'kulowa m'bwalo. Mawu sawadziwa onse, koma pomwe nyimbo ikupuma nawo amapuma, pomwe ikukwera nawo amakweza dzanja. Ndinali ndisanawaonepo akusangalala chotero chimwalirireni mayi aang'ono.

Nditafika kunyumba ndinaifunafuna pa intaneti n'kuimvetsera yonse, yaitali ija yokwana mphindi pafupifupi 15. Pamenepo ndi pomwe ndinadabwa. Woimba wachiwiri, Big Bank Hank, poyamba ndime yake akudzitchula dzina chilembo ndi chilembo, koma zilembozo ukaziika pamodzi zikupanga dzina loti Casanova Fly. Ndabwereza katatu, ndi choncho ndithu. Munthu dzina lake ndi Hank, nanga Casanova Fly ndiye ndani? Amene mukudziwa mbiri ya nyimboyi tandimasulireni.

Ankolo Bizi

Mphwanga Madalitso, makutu ako ndi abwino. Ine nyimbo imeneyo ndinaiimba m'madisiko kwa zaka zambiri osazindikira zimenezo. Ndinadzazimva nditakula kale, ndipo kuyambira pamenepo sindiimva chimodzimodzi.

Kuti umvetse, uyambe wadziwa kuti mu 1979 rap sinali chinthu chogula m'sitolo. Inali ya kumapwando a ku Bronx ndi ku Harlem mumzinda wa New York. Ambiri amawerenga chiyambi chake kuchokera pa 11 Ogasiti 1973, pomwe DJ Kool Herc anaimba paphwando la mlongo wake pa 1520 Sedgwick Avenue. Kuchokera pamenepo panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi anyamata akuimba m'mapaki, m'maholo ndi m'makalabu. DJ amabwereza kachigawo kokoma ka rekodi, MC n'kumalankhula pamwamba pake mwa kayimbidwe, usiku wonse. Wofuna kumva ali kunyumba amagula kaseti yojambulidwa paphwandopo, yomveka phokoso la anthu ndi mphepo ya masipika. Akatswiri enieni a nthawi imeneyo, monga Grandmaster Flash, sanakhulupirire kuti munthu angataye ndalama kugula rekodi ya chinthu chomwe amachimva bwino paphwando.

Amene anaona ndalama pamenepo anali mayi wina dzina lake Sylvia Robinson. Mayiyu sanali mlendo m'zoimba. Ali mtsikana anatchuka ndi "Love Is Strange" pagulu la Mickey & Sylvia, ndipo mu 1973 anatulutsa "Pillow Talk". Iye ndi mwamuna wake Joe anali ndi kampani yojambula nyimbo ya All Platinum ku Englewood, m'chigawo cha New Jersey, tsidya lina la mtsinje wa Hudson. Pofika 1979 kampaniyo inali itamira m'ngongole. Tsiku lina ali paphwando ku kalabu ya Harlem World anamva Lovebug Starski akulankhula pamwamba pa nyimbo, anthu n'kumamuyankha ngati mpingo ukuyankha mlaliki. Anatuluka m'menemo atatsimikiza mtima kuti chinthuchi achiika pa rekodi.

Vuto linali loti ma MC odziwika sanali pakhomo pake. Ndiye anatuma mwana wake Joey kuti akasake anyamata odziwa rap komweko ku Englewood.

Yamie265

Ankolo pitirizani, musatisiye m'malere. Ndiye kuti gulu limeneli kunalibe n'komwe nyimboyi isanajambulidwe?

Ankolo Bizi

Kunalibe, mwana wanga. Linasonkhanitsidwa chifukwa cha nyimboyo. Ngakhale dzina analitenga ku Sugar Hill, dera la ku Harlem, pomwe iwo amajambulira ku New Jersey.

Joey anakapeza Henry Jackson, yemwe ndi Hank, akugwira ntchito pamalo ophika pizza otchedwa Crispy Crust. Tsono Hank sanali MC. Anali mlonda wa pakhomo m'makalabu a ku Bronx, komanso amayendetsa ngati manijala kagulu ka mnyamata wina dzina lake Grandmaster Caz. Caz ameneyu dzina lake lina la pamaikolofoni linali Casanova Fly. Wayamba kuona komwe nkhani ikupita, Madalitso?

Hank anali atakongola ndalama kwa bambo ake zogulira zokuzira mawu za gululo, ndipo ntchito ya pizza inali yobwezera ngongoleyo. Pokanda ufa amamvetsera makaseti a Caz n'kumatsatira mawu ake. Atamumva anamutengera kugalimoto kuti ayesedwe, iye n'kulavula zomwe amazidziwa pamtima, zomwe zinali za Caz. Kenako panapezekanso Guy O'Brien, mnyamata wa pasukulu yemwe ndi Master Gee, ndi Michael Wright yemwe ndi Wonder Mike. Mayi Sylvia anatenga onse atatu.

Apa ndi pomwe ine mtima umandiwawa. Hank anali manijala. Ntchito ya manijala ndi kutsegulira woimba wake chitseko. Tsiku lomwe chitseko chinatseguka, akanangonena kuti mayi, ine sindine woimba, koma ndili ndi mnyamata ku Bronx yemwe palibe angamufike. Sanatero. Analowa yekha atavala mawu a mwini wake, ndi dzina lomwe. Ndime yokamba za kulanda chibwenzi cha Superman ija, yomwe aliyense amaikonda, Caz akuti ndi yake. Nyimbo inatuluka mu Seputembala 1979, ndipo dzina la Caz silinalembedwe pena paliponse pa rekodiyo.

Nachisale ku Joburg

Ndawerenga zonse, Ankolo, ndipo za Hank sindikutsutsa. Koma ndikuona kuti nkhaniyi ikamakambidwa Sylvia amasanduka mfiti ya m'mudzi, ndiye ndiloleni ndimuikire kumbuyo pang'ono.

Tikunena za mayi wachikuda, mu 1979, yemwe amakhala pa mpando wa wojambula mu situdiyo n'kumalamula amuna zochita. Ndi akazi angati omwe anali pampando umenewo nthawi imeneyo? Makampani akuluakulu ambiri anali ku New York konko, pakati pa ma MC, koma palibe anaona zomwe mayiyu anaona. Anatulutsa nyimbo ya mphindi pafupifupi 15 pomwe mawailesi anazolowera za mphindi zitatu kapena zinayi. Aliyense wodziwa malonda akanamuuza kuti wapenga. Koma nyimboyo inafika pa nambala 36 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, yoyamba ya rap kulowa mu 40 zapamwamba kumeneko. Ku Britain inafika pa nambala 3, ku Canada ndi ku Netherlands pa nambala 1.

Bambo ako aang'ono aja, Madalitso, akanaimva kuti rap pakanapanda mayiyu? Makaseti a ku Bronx sakanafika ku Lilongwe. Ndipo ndi mayi yemweyu anakakamira kuti "The Message" ijambulidwe mu 1982, nyimbo yomwe inasonyeza kuti rap ingathe kukamba za umphawi ndi moyo wa m'makwalala, pomwe ena mwa anyamata a gulu la Grandmaster Flash sanaifune poyamba.

Funso langa ndi ili. Kodi Sylvia anadziwa kuti mawu omwe Hank amaimba ndi a munthu wina? Mayi wa ku New Jersey akanamudziwira kuti Casanova Fly? Mlandu wa mawuwo ine ndikuuika pa Hank.

Wabesi wa ku Zomba

Achemwali a Nachisale, za mawu mwina sanadziwe. Koma za besi anadziwa bwino lomwe, ndipo pamenepa ndiloleni ndilankhule monga munthu woimba besi.

Kamvekedwe konse kamene kananyamula nyimboyi ndi ka "Good Times" ya gulu la Chic, yopekedwa ndi Nile Rodgers wa gitala ndi Bernard Edwards wa besi. Sinali nyimbo yakale yoiwalika ayi. Inatuluka chaka chomwecho cha 1979, ndipo mu Ogasiti inali pa nambala 1 ku America. Patangopita mwezi umodzi, kamzere ka Edwards kanapezeka pansi pa mawu a anthu ena. Munthu yemwe wakhala m'zoimba zaka zoposa 20 sangatenge nyimbo ya pa nambala 1 mwangozi.

Aliyense woimba besi anayesapo kamzere kameneka. Kamayamba ndi kugunda katatu pa chingwe chachikulu, kenako pamakhala kampata, kenako zala zimakwera masitepe. Kukoma kwake kuli pa kampata kameneko. Ukafulumira pang'ono chabe, kukoma konse kwathawa. Ine ndinatha sabata zitatu ndikulimbana nako ndili ku sekondale, pa besi yobwereka ya kutchalitchi yomwe chingwe chake chimodzi chinali chomangirira.

Tsono taganizani izi. Nthawi imeneyo makina odula kachigawo n'kumakabwereza monga achitira anyamata a masiku ano pa kompyuta anali asanafale. Anaitana oimba kuti aimbe ndi manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chip Shearin, yemwe anali ndi zaka 17, amafotokoza kuti ndi iye anaimba besiyo, kuti anauzidwa kuti aimbe mphindi 15 osalakwitsa, ndipo anapatsidwa madola 70. Mphindi 15 kamzere kamodzimodzi! Pofika mphindi ya chisanu ndi chiwiri mkono umakhala ukuyaka moto, chala chamkombaphala chachita dzanzi, ndipo ukudziwa kuti ukaphonya kamodzi aliyense ayambiranso. Mukamvetsera nyimboyi ulendo wina, siyani mawu kaye, mutsatire besi yokha mpaka kumapeto. Mumva ntchito yomwe mwana uja anagwira.

Tiya M.

A Wabesi mwafika pomwe ine ndimafuna tifike. Tiyeni tiike anthu awiri oberedwawa pambali pa mnzake, tione chomwe chinawachitikira.

Nile Rodgers amafotokoza kuti anali mu kalabu ya Leviticus ku New York pomwe anamva besi ya mnzake ikulira. Anaganiza kuti DJ akulankhula pamwamba pa rekodi yawo monga zimachitikira. Atapita kukafunsa, DJ anamuuza kuti ndi rekodi yatsopano yomwe wangoigula kumene ku Harlem. Ataiyang'ana, mayina awo panalibe. Iye ndi Edwards anali ndi kampani yaikulu ya Atlantic kumbuyo kwawo, anali ndi maloya, ndipo nyimbo yawo inali yolembetsedwa. Anaopseza kuti apita kukhoti, nkhani inakambidwa kunja kwa khoti, ndipo mayina awo anawonjezedwa pa olemba nyimboyo. Kuyambira pamenepo, nyimboyi ikagulidwa kapena kuimbidwa pa wailesi, gawo lawo limawapeza.

Caz anali asanakwanitse zaka 20. Chuma chake chinali kope lolembamo mawu ndi mbiri yake m'makwalala a ku Bronx. Analibe loya, analibe kampani, mawu ake sanalembetsedwe kulikonse. Umboni wake unali woposa wa Rodgers, chifukwa dzina lake lili m'nyimbomo, likutchulidwa ndi pakamwa pa wotengayo, ndipo dziko lonse lakhala likuliimba. Koma sanalembedwe ngati mlembi ndipo sanalandire ndalama za umwini.

Nyimbo imodzi, anthu awiri otengeredwa, chaka chimodzi. Wolemera kale anabwezeredwa m'kanthawi kochepa. Wosaukayo wakalamba akufotokozabe. Ine chimene chimandipweteka si choti Hank anali woipa kuposa anthu ena, koma choti panalibe khomo lomwe mnyamata ngati Caz akanagogoda.

Yamie265

Koma akuluakulu, ine ndinamva kuti Caz anapereka yekha kope lija kwa Hank n'kumuuza kuti atenge zomwe akufuna. Ngati zili choncho, ndiye kuba kuli pati? Munthu ukapatsa mnzako malaya sungadzakuwe kuti wakuba ukamuona atawavala ku ukwati. Komanso rap yonse inayamba ndi kutenga. Herc amaimba marekodi a James Brown, sanapemphe. Bwanji tikuuma mtima ndi Hank yekha?

Ankolo Bizi

Funso lako ndi labwino, Yamie, usachite nalo manyazi. Nkhani ya kope imakambidwa pawiri. Ena amati Hank anapita kwa Caz kukapempha mawu ndipo Caz anamuponyera kope, poyembekezera kuti zikayenda naye adzakumbukiridwa. Kwina Caz amafotokoza kuti Hank sanafunikire kope chifukwa mawuwo anali atawaloweza kale. Koma tenga njira iliyonse, ukafika pamodzimodzi. Ngati anapatsidwa, anapatsidwa ndi mnzake womukhulupirira, ndipo chobweza chake chinali chaching'ono, kungonena kuti alembepo dzina la mwini wake. Malaya ako aja, Hank sanangowavala ku ukwati. Anakatsegula nawo sitolo.

Za Herc ndi James Brown n'zosiyana. DJ akaika rekodi paphwando, aliyense amadziwa kuti ndi James Brown, ndipo mawa ena amakagula rekodiyo. Palibe amanamizidwa. Ndipo pakati pa ma MC panali lamulo lawo losalembedwa. Kutenga mawu a mnzako amakutcha biting, kuluma, ndipo chinali chinthu chochititsa manyazi kwambiri. Wogwidwa amatha kuchotsedwa pa maikolofoni anthu akuona. N'chifukwa chake ku Bronx nyimboyi itatuluka ambiri anakwiya m'malo mosangalala. Anthu omwe anamanga chinthuchi kwa zaka zisanu ndi chimodzi anadzuka m'mawa n'kupeza anyamata osadziwika a tsidya lina akutchedwa oyambitsa, mmodzi mwa iwo akuimba mawu omwe aliyense wa m'deralo amadziwa mwini wake.

Ndiwonjezere kanthu kena poti tikuongola mbiri. Sinali rekodi yoyamba ya rap. Gulu la Fatback Band linali litatulutsa kale "King Tim III (Personality Jock)" chaka chomwecho. Kungoti ya Sugarhill ndi yomwe inawoloka nyanja.

Mayi a Fatsani

Ine za hip-hop sindizidziwa kwenikweni, ndimangowerenga pagulu pano chifukwa mwana wanga anandilowetsa. Koma nkhani ya Caz yandikhudza pabala, ndiye mundilole ndinene zanga.

Ndili mtsikana ndinkaimba kwaya kumudzi kwathu. Mchimwene wanga atamwalira ndinapeka nyimbo usiku wa maliro ake, ndili kuseri kwa nkhokwe chifukwa m'nyumba munali modzaza anthu. Ndinailemba kumapeto kwa kope langa la masamu. Mu ndime yachiwiri ndinaikamo mawu omwe iye amakonda kundiuza tikamapita kudimba. Kwaya yathu inaiphunzira, ndipo tinaiimba pa maliro ambiri m'dera lathu.

Patapita zaka, ndili pabanja kale m'tauni, ndikutsuka mbale wailesi ili pawindo, ndinamva nyimbo yanga. Anaiika zing'wenyeng'wenye, anaifulumizitsa pang'ono, koma mawu a mchimwene wanga anali momwemo osasintha ngakhale limodzi. Ndinaima ndi mbale m'manja, madzi akutsikira m'zigongono. Muulutsi atamaliza anatchula dzina la munthu wina kuti ndiye wopeka. Anali mmodzi mwa omwe tinkaimba nawo.

Ndalama sindinaziganizire n'komwe tsiku limenelo. Chomwe chinandiliza n'choti ndinkafuna kuuza aliyense kuti mawu awo ndi a mchimwene wanga, koma ndikanauza ndani? Kope lija linatha kalekale, anakulungira mtedza. Ndiye Yamie mwana wanga, ukamati anapereka yekha, inenso ndinapereka ndekha. Ndinawaphunzitsa ndekha mzere ndi mzere pansi pa mtengo wa mango. Kupereka kuti tiimbire limodzi si kupereka kuti ufufute dzina langa.

Madalitso wa ku 25

Pepani kwambiri amayi. Ndawerenga kawiri. Sindinaganize kuti funso langa lifika pamenepa.

Tiya M.

Amayi, pepani. Kwa ena omwe mukupeka nyimbo pagulu pano, ndi chifukwa cha nkhani ngati imeneyi kuti kuno kwathu kuli bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa opeka ndi kuwatolerera ndalama zawo. Mukapeka, kalembetseni. Mukalowa mu situdiyo ndi anzanu, gwirizanani tsiku lomwelo kuti walemba chiyani ndani, mulembe papepala, aliyense asaine, nyimbo isanatuluke. Ikatchuka m'pamene anthu amayamba kuiwala.

Ku America nako zinatenga nthawi kuti malamulo agwire. Mu 1991 Gilbert O'Sullivan anatengera Biz Markie kukhoti chifukwa chotenga kachigawo ka nyimbo yake popanda chilolezo, ndipo khoti linagamula mokomera mwini nyimbo. Kuchokera pamenepo makampani anayamba kupempha chilolezo asanatulutse. Koma onani kuti chigamulo chimenecho chinateteza omwe nyimbo zawo zinali kale pa marekodi. Munthu ngati Caz, yemwe ntchito yake inali m'kope ndi m'makutu a anthu, sichinamufike.

Nachisale ku Joburg

Mayi a Fatsani, mwandigwetsa misozi ndili m'basi. Kuno ku South Africa kuli nkhani ya Solomon Linda yemwe anajambula "Mbube" mu 1939. Nyimboyo inakazungulira dziko lonse ndi dzina lina, iye n'kumwalira mu 1962 ali wosauka. Ana ake anadzapeza kanthu mu 2006, bambo awo atagona m'manda zaka zoposa 40.

Ndibwerere kwa Sylvia, chifukwa ndinamuikira kumbuyo ndipo ndiyenera kunena zonse. Ndikuvomera kuti ngakhale akanakhala kuti sanadziwe mu 1979, pambuyo pake nkhani ya Caz inadziwika ndi aliyense, ndipo dzina silinawonjezedwe. Iye anamwalira mu 2011 zili choncho. Komanso si Caz yekha analira ndi Sugar Hill, kampani yatsopano ya mayiyu. Grandmaster Flash anaitengera kukhoti pa nkhani ya ndalama ndi dzina. Ngakhale Wonder Mike ndi Master Gee, omwe ndime zawo analemba okha, anadzalimbana ndi banja la Robinson kwa zaka zambiri. Zinafika poti Joey, mwana uja anatumidwa kukasaka oimba, amakwera pa siteji n'kumadzitcha Master Gee, mwini dzina ali moyo. Pali filimu ya 2011 yofotokoza nkhondo yawoyo yotchedwa "I Want My Name Back".

Ndiye onani, gulu lomwe linayamba ndi munthu kuvala dzina la mnzake linadzaona mmodzi mwa iwo akuvulidwa lake. Sindikubweza mawu anga oti mayiyu anali ndi maso oona patali. Anali nawo. Koma anthu omwe anamupangira chumacho sanawasamale, ndipo zimenezo sindingazibise chifukwa choti ndi mkazi mnzanga.

Yamie265

Ndamva, ndipo amayi andiphunzitsa. Koma ndifunsebe chimodzi. Ndiye tisiye kuimvera? Chifukwa ine ndangoimvetsera tsopano ndipo ndaikonda, makamaka ndime ya Wonder Mike yokamba zopita kukadya kwa mnzako n'kupeza chakudya chosakoma, iwe n'kumanamizira kuti wakhuta koma mayi ake akukuwonjezerabe. Zimenezo zinandichitikirapo ndithu.

Wabesi wa ku Zomba

Usasiye, mphwanga. Ndime imeneyo ndi ya Mike mwini wake, ndipo ndi yomwe inasonyeza anthu ambiri kuti rap ingathe kufotokoza nthano ya tsiku ndi tsiku. Thukuta la woimba besi lilinso momwemo, luso la Edwards lili momwemo, luso la Caz lili momwemo. Ukaitaya wataya onsewo. Nile Rodgers yemwe, amene anakwiya poyamba, anadzanena kuti ndi imodzi mwa nyimbo zomwe amazikonda, ndipo amaimbako ndime yake yoyamba pa makonsati a Chic akafika pa "Good Times".

Mwina simukudziwa kuti ambiri a inu munaivina kale m'njira ina. Mukukumbuka "Aserejé" ya atsikana a ku Spain a Las Ketchup, ya 2002, yovina ndi manja ija? Mawu osamveka a mu kolasi yake ndi chiyambi cha "Rapper's Delight" monga momwe munthu wosadziwa Chingelezi angachimvere. Nyimboyo imakamba za mnyamata yemwe amapempha DJ nyimbo yake yapamtima n'kumaiimba m'mene akuimvera. Ndi zomwe tinkachita tonse ndi makaseti athu.

Ankolo Bizi

A Wabesi mwandikumbutsa. Ife tinkalemba mawu ake m'makope momwe tikuwamvera, kubweza tepi ndi bolopeni kuti mabatire asathe, kumvetsera mzere umodzi kakhumi. Zilembo za dzina zija ndinazilemba ndi dzanja langa, chimodzichimodzi, ndipo ndinkazikuwa pa maikolofoni holo itadzaza. Ndinkatchula dzina la Caz usiku uliwonse wa Loweruka osadziwa kuti kuli munthu wotero.

Kuti mudziwe komwe anathera, sanafe ndi chisoni ayi. Analowa gulu la Cold Crush Brothers lomwe linali limodzi mwa magulu oopsa kwambiri pa siteji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo akuoneka mu filimu ya "Wild Style". Mu 2000 anatulutsa "MC Delight" pofotokoza mbali yake ya nkhaniyi. Kwa zaka zambiri wakhala akuyenda ndi alendo pa basi kuwaonetsa malo omwe hip-hop inabadwira ku Bronx ndi ku Harlem. Mu 2015 Macklemore ndi Ryan Lewis anamuitana pamodzi ndi Melle Mel ndi Kool Moe Dee mu nyimbo ya "Downtown", dzina lake litalembedwa poyera. Hank anamwalira mu Novembala 2014 ndi matenda a khansa. Nyimboyo inasankhidwa kusungidwa ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma, ngati chuma cha dziko la America, koma pa mndandanda wa olemba ake Caz palibe.

Ine masiku ano ndikaitanidwa kukaimba pa chinkhoswe kapena pa phwando la anzanga opuma ntchito, ndimaiikabe. Koma ikafika pa ndime ya Hank ndimatsitsa pang'ono n'kunena pa maikolofoni kuti mawu mukumvawa analemba ndi Grandmaster Caz wa ku Bronx. Ena amandiyang'ana modabwa, ena amabwera kudzafunsa nyimbo ikatha.

Mayi a Fatsani

Zikomo achimwene a Bizi pochita zimenezo. Mwana wanga wandiikira nyimboyo pafoni madzulo ano, ndipo anandiimitsira pomwe pali zilembo paja kuti ndimve. Chingelezi chawo n'chothamanga, koma zilembozo ndazimva bwinobwino.

Madalitso wa ku 25

Zikomo nonse. Dzulo ndinapita kwa bambo aang'ono kukawasiyira mankhwala a bondo, ndipo ndinawawerengera zonse zomwe mwalemba, kuyambira za Ankolo mpaka za Mayi a Fatsani. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi katoni ya nsapato yodzaza makaseti. Anaipeza ija, yojambulitsa kwa mnzawo, chikuto chake chachita chikasu. Pamzere wachitatu analemba kalekale ndi inki yabuluu kuti Sugarhill Gang. Anandipempha cholembera, anandiuza kuti ndiwatchulire dzina lija pang'onopang'ono, ndipo pambali pake analembapo kuti Caz.